Masutikesi Atatu Ochokera ku Vicenza

Vicenza, 17 Januwale 2010

Okondedwa ana anga, Anatol ndi Aurica,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale chayamba kale kukalamba. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lamanzereli limene limandiuza za mvula mitambo isanabwere. Kaya inu kumeneko? Mdzukulu wanga Ilinca chifuwa chija chinatha? Pa Khirisimasi ndinapita kukadikira minibasi ya Ghenadie, ija yonyamula anthu ndi katundu pakati pa kwathu ndi kuno ku Italy. Ndinalandira vinyo ndi tchizi, zikomo, koma kalata munalibe. Ndinakutumula phukusi lonse, mpaka nyuzipepala yokulungira ndinaiwerenga. Anatol, kodi dzanja lako linathyoka?

Tsono khalani pansi mumve. Ndikubwera. Osati kudzacheza ngati zaka zonsezi, ayi, ndikubwereratu. Pasaka ya chaka chino ndidzadyera m'nyumba mwanga ku Sadova, ndipo minibasi imeneyo sindidzaikweranso. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikusambitsa amayi a eni, kuwadyetsa ndi sipuni, kuwatembenuza pabedi. Nyumba yathu inatha kumangidwa, denga lili pamwamba, madzi ali m'kati. Ndatsala ndi chiyani kuno? Ndikufuna ndizimuperekeza Ilinca kusukulu asanafike msinkhu wochita nane manyazi pamsewu.

Agogo a Elvira, amene ndimawasamalira kunowa, analira nditawauza. Akuti, "Parasca, undisiya ndi ndani?" Ndinawauza kuti ndiwasiya m'manja mwa mng'ono wanga Dochia. Mukudziwa mmene amayi anu aang'onowo akuzunzikira ku Mestre kwa nkhalamba yoponya mbale ija. Ana a agogowa avomera. Ntchito ngati ino, ya chipinda chakochako ndi Lamlungu lopuma, munthu supatsa mlendo m'bale wako akuvutika.

Vuto langa ndi monyamulira. Zikwama zanga zonse zinatha n'kutumizira inu katundu, ndipo sizinkabwerako. Ndikuganiza zopempha makatoni kusitolo ya pakona, ndimange ndi zingwe. Ghenadie akuti sasankha, bola pasakhale chonunkha.

Mundilembere. Mpesa munadulira? Chitseko cha kuchipinda cha vinyo chija chinakonzedwa?

Mayi wanu,
Parascovia

Sadova, 30 Januwale 2010

Amayi okondedwa,

Ndine mpongozi wanu Aurica. Tonse tili bwino, ndipo Ilinca anachira. Anatol, Tolea wanu uja, akuti mumukhululukire, masiku ano akupitapita kulikulu ku Chișinău, akabwera amangogona ndi nsapato. Wandiuza kuti ndikulembereni ine.

Nkhani yanu yatisangalatsa kwambiri. Bwerani, amayi, nyumba ino ikufuna mwini wake.

Koma za makatoni, chonde ayi. Munthu wagwira ntchito zaka zonsezi ku Italy, adzatsike pamaso pa Sadova yense ndi makatoni a sopo? Akazi a pachitsime adzakuimbani mpaka chaka chamawa. Gulani masutikesi enieni, ndipo mugule konko. A pamsika wa kuno amangowala pamaso, ukawakoka kawiri teyala lathothoka.

Musagule ansalu. Nsalu imanyowa, imang'ambika, ndipo akaponyapo katundu wina zam'kati zimaphwanyika. Mugule olimba aja a chigoba. Koma pulasitiki ilipo iwiri: ina ndi youma ngati ya beseni, imasweka kukazizira, ina ukaidina ndi chala imalowa n'kubwerera. Yachiwiriyo ndiyo yabwino. Mateyala akhale anayi, ozungulira mbali zonse, omangidwa ndi masikuluwu, osati omata. Chogwirira muchikoke mpaka pamwamba n'kuchigwedeza, chikamalira ngati mpando wakale muisiye. Zipi ikhale ya mano akuluakulu, ndi loko wa manambala. Muinyamule ili yopanda kanthu, ikakulemerani ndiye kuti si yabwino. Ndiponso muyeze ndi tepi: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu mukaphatikiza zisapitirire masentimita 158. Mtundu usakhale wakuda, poti aliyense amagula wakuda ndipo wako suuzindikira.

Akuluakulu akhale awiri, ndi kakang'ono kamodzi. Musanene kuti achuluka, katundu amaoneka wochepa akakhala m'kabati. Mupite ndi amayi aang'ono a Dochia, iwo ali ndi diso.

Ilinca wajambula nyumba ndi agogo ake ataima pakhomo. Ndaika m'kati muno.

Mwana wanu,
Aurica

Vicenza, 21 Febuluwale 2010

Ana anga,

Moni nonse. Aurica, kalata yako ndinaiwerenga kangapo. Sindinkadziwa kuti kumeneko kuli munthu amene amaganizira mmene ndidzatsikire m'minibasi. Ndinaiwerengera ngakhale agogo a Elvira, ndikuwamasulira. Akuti, "Mpongozi wotereyu sapezeka pamsika." Chithunzi cha Ilinca ndamata pagalasi. Wandijambula wonenepa, koma palibe kanthu.

Lamlungu lapitali Dochia anabwera pa sitima, tinapita kusitolo yaikulu ya kunja kwa tauni. Ine maso anga anagwera pa sutikesi ina yansalu, yabulauni, ya matumba ambirimbiri kunja kwake. Ndinati iyi ndiyo ya munthu wamkulu. Dochia anangondilanda.

"Achemwali, mwana wanena chigoba."

"Nanga ine ndine kamba? Taona matumbawa, umu masipuni, umu mankhwala."

"Matumbawo ndi a mbava. Tiyeni uku."

Mukanamuona! Anatulutsa tepi ya telala m'thumba, n'kugwada pansi ndi chikhoti chake cha kutchalitchi, akuyeza uku, akuyeza uko, milomo ikuwerengera. Ndinamuuza kuti Ghenadie sayeza katundu, amangokankha ndi bondo chitseko chitseke. Iye akuti, "Gulani zimene mwauzidwa." Atatha kuyeza anaigoneka pansi sutikesiyo n'kukhalapo ndi thupi lake lonse lija. Mtsikana wogulitsa anathamanga manja ali m'mwamba, akuti, "Mayi, si mpando umenewo!" Dochia osadzuka. Akuti, "Ikandipirira ine, ipirira chilichonse." Chigoba chinalowa, iye atadzuka chinabwerera phwa, ngati palibe chachitika. Yoyamba imene anayesa inalira ngati dzira, tinaibwezera pamalo pake mwakachetechete n'kuyang'ana kudenga.

Kenako anandiyendetsa nayo sitolo yonse. Ndinakankha, ndinakoka, ndinazungulira nayo ngati tikuvina paukwati. Zinthu zimenezi zimayenda zokha, ana inu! Chala chimodzi basi. Ndinakumbuka mmene ndinkathyokera msana ndi zikwama pamalire, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Dochia sanaseke. Masiku ano sindikumumvetsa, mwina akuopa ntchito yatsopanoyi. Ndinamuuza kuti agogo a Elvira saluma, mano alibe.

Ndiye tagula awiri akuluakulu ofiira, ndi kakang'ono kachikasu. Zipi ndinaitsegula ndi kuitseka mpaka wogulitsa anatopa nane. Manambala a loko ndaika chaka chimene Ilinca anabadwa. Pobwerera, pamsewu wa miyala wa kuno, mateyala analira ngati gulu la asilikali, anthu onse pamawindo. Ine mutu m'mwamba.

Ndayamba kale kulongedza. Muli makatani a chipinda chanu cham'mwamba, mapoto awiri, kaketulo kanga ka khofi, ndi nsapato za Ilinca. Ndikufuna kumugulira njinga, koma mundiuze msinkhu wake. Kachikasuko kadzakhala kake, aziikamo zidole.

Anatol, mawu awiri okha a dzanja lako angandikwanire.

Mayi wanu,
Parascovia

Sadova, 12 Malichi 2010

Amayi,

Moni. Tili bwino. Pepani posalemba, zinthu zandichulukira.

Ndalankhula ndi Ghenadie, akusungirani malo kutsogolo pa ulendo wa sabata ya Pasaka. Musasinthe tsiku, chonde, ngakhale agogowo akulirireni bwanji. Ndamuuzanso kuti masutikesi asawaike pansi pa matayilosi ndi mabatire amene amanyamula aja. Muwakulunge ndi mabulangete.

Njinga musagule. Makataninso mukanasiya, koma poti mwagula kale, basi.

Mpesa ndinadulira, chitseko ndinakonza, ndaikanso loko watsopano pageti ndi nyale ya panja. Nkhuni zilipo zokwana chisanu chonse chikubwerachi. Ndikufuna mudzapeze zonse zili m'malo.

Pali zina zoti tidzakambirane, koma si za m'kalata. Mukadzafika.

Mwana wanu,
Anatol

Sadova, 11 Epulo 2010

Dochia,

Ndikukulembera chifukwa ndilibenso wina womulembera. Ukawerenga ukhale pansi, ndipo agogo a Elvira asaone nkhope yako.

Ndinafika bwino Lachinayi Loyera. Ghenadie ananditsitsa pageti penipeni, ndipo zinali monga Aurica ananenera: anthu anatuluka kudzaona masutikesi ofiira. Anatol anandikumbatira kwa nthawi yaitali, sanandiyang'ane m'maso. Ilinca anabisala kumbuyo kwa mayi ake, kenako anaona kachikasu kaja n'kukathamangira ngati akukadziwa kale. Tsiku lomwelo Aurica anakhuthula katundu wanga yense pabedi, akuti ndipume, masutikesi n'kukwera nawo m'mwamba. Ndinati koma mwanayu ndi wachangu.

Anthu ankandilonjera modabwitsa. Mkazi wa a Pantelei, ankhoswe a ukwati wa anawa, anandigwira dzanja kutchalitchi, akuti, "Mwalimba mtima, Parasca, ine sindikanatha." Ndinayesa akunena za Italy. Ndinayankha kuti munthu amazolowera.

Lachiwiri la Pasaka anakonza phwando. Anapha nkhumba, matebulo anafika mpaka kuchitsime, sarmale, kabichi wokulungamo nyama uja, mapoto atatu, woimba akodiyoni anachokera ku Călărași. Ndinamuuza Anatol kuti mwana wanga, zonsezi za chiyani, ine si bishopu. Anangoti, "Khalani apa, amayi," n'kundikhazika kumutu kwa tebulo. Ndinavala diresi langa la buluu lija unandisankhira iwe. Ndinkayang'ana nyumba, makatani anga ali pamawindo, mdzukulu akuthamanga pabwalo, ndipo mumtima ndinati Trofim, mwamuna wanga, dzuka m'mandamo uone kuti sindinapite pachabe.

Ndiye a Pantelei anaimirira ndi tambula yawo. Umawadziwa mmene amayambira, kuchokera kwa Adamu. Ine ndinakonza kale nkhope yolandirira mawu abwino. Akuti, "Tolea, Aurica, ana anga a pa ukwati. Canada ndi kutali. Kumeneko chisanu chake akuti chimathyola mphuno. Koma pitani, Mulungu akutsogolereni, ndipo musaiwale kumene mchombo wanu unagwera."

Ndinaseka, Dochia. Ndinaseka mokweza. Ndinati, "A Pantelei, vinyo wakulowani msanga lero. Wabwera ndine, ndipo ndachokera ku Italy, osati ku Canada!"

Palibe anaseka nane. Wa akodiyoni anasiya pakati pa nyimbo. Anthu onse maso m'mbale. A Pantelei anayang'ana Anatol, tambula ili m'mwamba, akuti, "Mnyamata iwe, sunawauze?"

Amene anandiyankha ndi Ilinca. Anabwera pambali panga n'kundikoka dzanja la diresi. "Agogo, simukudziwa? Tikupita ku Montreal pa ndege. Ine ndikudziwa kale kuwerenga m'Chifalansa. Kachikasu kaja n'kanga."

Sindikudziwa mmene ndinadzukira. Ndinalowa m'nyumba, ndinakwera m'mwamba ndi bondo langali, ndinatsegula chipinda chawo. Masutikesi ofiira aja anali chiimire pakati pa chipinda, odzaza, otseka, pambali pake pali sikelo ya kubafa. Pa iliyonse anamatapo kapepala ka dzina la Anatol. Makabati anali pululu.

Anatol anandipeza nditakhala pabedi lawo. Anatseka chitseko.

"Amayi, ndimafuna ndikuuzeni phwando likatha."

"Likatha phwando la ndani?"

Iye anayang'ana masutikesi aja. Ndinafunsanso.

"Mukunyamuka liti?"

"Kumapeto kwa mwezi uno."

"Mapepala munayamba liti?"

"Papita zaka ziwiri."

Zaka ziwiri, Dochia! Chilimwe chathachi ndinali kuno, tinkasankha limodzi utoto wa chipinda cha mwana, iwo ali kale pa mzere wa ku Canada. Maulendo a ku Chișinău aja anali a sukulu ya Chifalansa, chilankhulo cha ku Montreal, ndi madokotala owapima kuti apeze mapepalawo. Mudzi wonse unkadziwa. Wansembe ankadziwa, Ghenadie ankadziwa, anandiyendetsa mayiko anayi akundisimbira za mitengo ya mafuta.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sunandilembere ndisanasiye ntchito. Akuti, "Mukanadziwa simukanabwera. Nyumba ikakhala yopanda munthu amaba mpaka mawaya a magetsi. Mwaona ya aneba athu a Sofroni mmene ilili." Aurica analowa akulira, akuti amayi tinkaopa kukupwetekani. Ndinamuuza kuti, "Iwe usalire. Kalata yako inali yabwino kwambiri. Palibe chimene unaiwala, ngakhale masikuluwu."

Ndinatsika, ndinakhalanso pamalo panga, ndinadya. Sindinafune kuti Sadova adzanene kuti Parascovia anagwa pansi. Anthu anabalalika dzuwa likadalipo.

Tsopano ndikugona m'chipinda cham'munsi. Pamwamba panga ndimamva mateyala akuyenda, akuyeza, akuchotsamo, akuyezanso. Ilinca amandibweretsera tiyi n'kuima pakhomo.

Pali chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Tepi ija, Dochia. Unatuluka nayo kunyumba kwako ku Mestre usanaone kalata ya Aurica. Ghenadie sayeza katundu, oyeza ndi a ndege. Undiyankhe.

Mkulu wako,
Parascovia

Vicenza, 24 Epulo 2010

Achemwali,

Moni. Agogo ali bwino, akudya, koma amanditchula dzina lanu.

Mwafunsa, ndiye ndiyankha. Inde, ndinkadziwa. Tolea anandiimbira foni chaka chisanathe, anandilumbiritsa. Anati mukamva mudzakhala kuno mpaka kufa, mudzafera pabedi la eni ngati Nastea wa ku Padova uja amene tinamusonkhera bokosi. Ndinaona kuti akunena zoona. Bondo lanu simukuliona? Masitepe a nyumba ino mumakwera mutagwira khoma. Munkafunika kupita kwanu, ana akhalepo kapena asakhalepo.

Ndikudziwa chimene mukuganiza: kuti ndinakhala chete chifukwa cha ntchito ino. Sindinama, ndinkaifuna. Zaka zitatu munthu akukugenda ndi mbale, akukutcha wakuba pamaso pa ana ake, ukamva kuti kwina kuli chipinda chotseka ndi kiyi, mtima umafuna. Koma si ine ndinakuuzani kuti musiye. Munanena nokha, ine ndinangotseka pakamwa.

Tsiku la kusitolo lija ndinatsala pang'ono. Pamene munkazungulira ndi sutikesi mukuseka, ndinatsegula pakamwa. Ndiye ndinaganiza kuti ndikanena, mubweza katunduyo, mulira pamaso pa Ataliyana, ndipo anawo apitabe, koma ndi zikwama zong'ambika. Ndinati bola apite ndi zolimba.

Ana si athu, achemwali. Wanga ali ku Moscow, amandiimbira akafuna kanthu. Wanu wakusiyirani nkhuni ndi nyale ya panja.

Mukafuna kunditukwana, lembani, ndiwerenga. Koma musakhale chete. Ndatumiza khofi wanu uja ndi mafuta opaka bondo.

Mng'ono wanu,
Dochia

Montreal, 20 Juni 2010

Amayi,

Moni kuchokera kuno. Iyi ndi kalata yachitatu. Pafoni mumangoti "ndili bwino" n'kupempha Ilinca. Amayi aang'ono akuti khofi anabwerera ndi Ghenadie osatsegula.

Tapeza nyumba ya zipinda ziwiri, pansi pa nyumba ya Mgiriki wina. Ine ndikugwira ntchito mosungira katundu podikira kuti mapepala anga a zamagetsi awavomereze. Aurica akuphunzira. Ilinca ali ndi mnzake kale, mtsikana wa ku Haiti. Masutikesi anafika bwinobwino. Tinasintha ndege kawiri, ndipo pawindo ndinaona mmene amaponyera katundu, ngati matumba a simenti. Anthu amene tinakwera nawo chikwama chawo chinatuluka chitang'ambika, zovala zili mbwee pa lamba. Athu anangokalika pang'ono pakona. Munasankha bwino.

Amayi, ndikudziwa kuti ndinalakwa kusakuuzani. Ndinayamba kalata kangapo n'kuing'amba. Koma lolani nanenso ndinene zanga, poti m'chipinda muja sindinathe.

Munandisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, dothi la pamanda a bambo lisanaume. Ndinaphunzira kuphika ndekha. Pa ukwati wanga munalibe, poti munalibe mapepala ndipo mukanatuluka sakanakulolani kubwerera. Pampando wanu tinaikapo chithunzi. Ilinca atabadwa munamuona koyamba akuyenda kale. Sindinakudandaulireni, ndinkadziwa kuti mukuchitira ine. Nanenso ndikuchitira wanga. M'kalasi mwa Ilinca ku Sadova munatsala ana asanu ndi mmodzi, ndipo ambiri a iwo akuleredwa ndi agogo. Ndikanakhala, tsiku lina ine kapena Aurica akanakwera minibasi ya Ghenadie, mwanayo n'kumakula ndi maphukusi ngati ine. Ndinalumbira kuti tikapita, tipita tonse atatu.

Munamanga nyumba yaikulu osandifunsa ngati ndikufuna kukhalamo. Ine ndinkafuna inuyo, osati masitepe.

Zikakhazikika ndidzakuitanitsani. Amalola makolo, zimangotenga nthawi. Mudzagule sutikesi ina ngati yomweija, mudzabwere mudzakhale nafe.

Ndiyankheni, amayi, ngakhale mokalipa.

Mwana wanu,
Anatol

Sadova, 26 Seputembala 2010

Anatol,

Moni. Makalata ako onse ndinalandira. Ndachedwa kuyankha, ndikudziwa.

Ndili bwino. Mphesa tathyola, a Pantelei anandithandiza ndi ana awo. Bamboyo mpaka lero akandiona amavula chipewa n'kupepesa, ngati analakwa ndi iwo. Zipinda zam'mwamba ndapatsa mphunzitsi watsopano wa masamu, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake ali ku Portugal. Sindinakufunse, monga umanenera kuti sindifunsa. M'nyumba muno tsopano muli phokoso, ndipo wamng'onoyo amandithyolera maluwa anga omwe n'kundipatsa ngati mphatso. Zinthu zanu zotsala ndinaika m'chipinda cha vinyo, pouma.

Amayi ako aang'ono ndidzawalembera ndikadzafuna. Usawatumenso.

Zimene walemba zija n'zoona. Ndinakusiya uli mwana. Pa ukwati wako ndinali m'khitchini ya eni, ndikumvera nyimbo zanu pafoni imene Ghenadie anandiimbira ali kuukwatiko. Za masitepe zinandilasa, ndipo mwina unayenera kundilasa. Kupita kwako sindikukuimba nako mlandu. Ukanandiuza, ndikanalira, ndikanakutukwana, mwina mwezi wathunthu. Kenako ndikanapita kusitolo komweko ndi mapazi anga, n'kukugulira masutikesi omwewo, ofiira, ndipo ndikanakhalapo ndekha kuyesa chigoba. Kubwera kunonso mwina ndikanabwerabe. Koma ndikanabwera ndikudziwa chimene ndikubwerera, osati kuvala diresi la buluu n'kukhala kumutu kwa tebulo ngati chitsiru, mudzi wonse ukundimvera chisoni.

Ukuti tachita zofanana. Kumbuka bwino. Chaka chimene ndinkapita, ndinakukhazika pansi chimanga chisanakhwime, ndinakuuza dziko, ndinakuuza tsiku, ndinakuuza kuti sindikudziwa ndidzabwera liti. Unamenya tebulo. Unakhala sabata osandilankhula. Unanditcha mawu amene sindinawauzepo munthu. Zonsezo unazichita ndili pamaso pako, ndipo ndinaima n'kuzilandira, chifukwa unali ndi ufulu wokwiya ine ndikadalipo. Iwe ufulu umenewo unandimana. Unandisiyira masiku ochepa, alendo ali pabwalo, mwana akundiyang'ana.

Mapepala ondiitanira usayambe. Ndatha zaka zambiri m'tizipinda ta m'nyumba za anthu ena, ndipo sindikufuna kukathera m'kachipinda ka m'nyumba mwako. Mukafuna kundiona, njira mukuidziwa, ndipo monyamulira muli namo molimba. Ilinca azindilembera yekha, m'chilankhulo chathu, ngakhale alakwitse. Iyeyo ndidzamuyankha tsiku lomwelo.

Ndimakupempherera m'mawa uliwonse, pakuti ndiwe mwana wanga ndipo zimenezo sizisintha. Koma usandifunsenso pafoni ngati zinatha. Sizinathe. Tsiku limene ndinkachoka, chikwama changa unanyamula ndiwe mpaka pa basi, ukudziwa kumene chikupita. Ine ndinanyamula masutikesi ako kuwoloka nawo mayiko anayi, nditawafunditsa mabulangete, ndikuyesa ndi anga.

Mayi wako,
Parascovia